Anthu amene ankachezera usiku kudikira duwa la kakitasi kuti alijambule

M'midzi yambiri ya chigawo cha Tete, ngakhalenso kutsidya kwa malire ku Malawi ndi ku Zambia, muli chomera chimene chimabzalidwa kumpanda kapena kukhola kuti chitchinge mbuzi. Chili ndi zikhatho zobiriwira, zonenepa, zosanjikizana china pamwamba pa chinzake, ndipo zipatso zake ana amazikonda ngakhale kuti timinga take timatsalira m'zala mpaka mawa. M'Chipwitikizi amati figo-da-índia. Akatswiri a zomera amachitcha Opuntia, ndipo ndi chimodzi mwa zomera za banja la kakitasi, limene lili ndi mitundu yoposa 1,500.

Dzina lakuti figo-da-índia limasocheretsa. Chomerachi si mkuyu, ndipo sichinachokere ku India. Kwawo ndi ku México. Anthu a ku Spain atafika ku America ankaganiza kuti afika ku India, ndiye dzinalo linakanirira mpaka lero. Kusokonezeka kwa mayina kotereku ndi kumene kunachititsa kuti kwa zaka pafupifupi 500 anthu azijambula zomerazi pamanja, ndi inki ndi utoto, makamaka pa nthawi imene zachita maluwa.

Kale katswiri akapeza chomera chachilendo, ankachithyola, n'kuchipanikiza pakati pa mapepala mpaka chiume, kenako n'kuchitumiza kwa anzake kuti achiyerekeze ndi zina. Njira imeneyi imagwirabe ntchito pa udzu, pa nyemba ndi pa masamba a mitengo. Pa kakitasi imakanika. Chikhatho chake ndi madzi okhaokha, pafupifupi magawo 9 pa magawo 10 alionse. Chikapanikizidwa chimawola, kapena chimakana kufa n'kuyamba kuphukira m'mapepala momwemo. Duwa lake, limene likakhala pamtengo limakhala lachikasu, lofiira kapena loyera mbee, likauma limasanduka kachinthu kofiirira kosadziwika mutu wake. Chikhalirecho, duwalo ndi limene limasiyanitsa bwino mtundu wina ndi unzake. Choncho chimene pepala louma linkalephera kusunga, ankasunga ndi munthu wojambula.

Ena mwa oyamba kujambula zomerazi anali eni dziko la México. M'chaka cha 1552, pa sukulu ya Santa Cruz ku Tlatelolco, sing'anga wina wa mtundu wa Aztec dzina lake Martín de la Cruz anakonza buku la mankhwala a zitsamba, ndipo mnzake Juan Badiano analimasulira m'Chilatini. M'bukumo muli zithunzi za zomera zoposa 180, ndipo pakati pake pali mitundu ya kakitasi yojambulidwa ndi maluwa ndi zipatso zake. Chimene mlimi angachikonde m'zithunzizi n'chakuti ojambulawo sanaiwale mizu. Chomera chilichonse chili ndi mizu yake poyera, ndipo pa zina anaikapo chizindikiro chosonyeza pamene chimamera, kaya ndi pamwala kaya ndi m'madzi. Munthu wofuna mankhwala ankadziwiratu kokayang'ana. Bukuli linatengedwa kupita ku Spain, kenako linakapezeka ku Roma, n'kukhala m'nyumba ya mabuku ya ku Vatican kufikira chaka cha 1990 pamene Papa João Paulo II analibweza ku México. Ameneyu ndi papa yemwe uja anachezera dziko la Moçambique mu 1988.

Kwa anthu a ku México chomerachi si cha kumpanda chabe. Amadya zikhatho zake zanthete ngati ndiwo, ndipo pa mbendera ya dziko lawo pali chiwombankhanga chitatera pa kakitasi.

Anthu a ku Ulaya poyamba sankadziwa chochita nacho. Gonzalo Fernández de Oviedo, amene buku lake lonena za maiko a ku America linatuluka mu 1535 lili ndi chimodzi mwa zithunzi zoyamba za kakitasi kusindikizidwa ku Ulaya, anasimba yekha zimene zinamuchitikira. Atadya zipatso zofiira za chomerachi anaona mkodzo wake wafiira ngati magazi, ndipo anachita mantha kuti misempha yaduka m'kati, imfa yafika. Amene anali naye, odziwa kale zipatsozo, anangomuseka. Zithunzi za m'nthawi imeneyo zinali zogoba pathabwa, zosalongosoka kwenikweni, moti munthu sakanatha kuzigwiritsa ntchito posiyanitsa mitundu. Zinthu zinasintha atayamba kugoba pa chitsulo cha mkuwa, chimene chimalola timizere ting'onoting'ono ngati tsitsi. Mu 1613 Basilius Besler anatulutsa buku lalikulu la zomera za m'munda wa bishopu wa ku Eichstätt, ku Germany, lokhala ndi masamba a zithunzi 367, ndipo Opuntia analimo. Kuyambira mu 1799 Pierre-Joseph Redouté, wojambula maluwa wotchuka wa ku Paris, anayamba kujambula zomera zosunga madzi, mawu ake akulemba katswiri wachinyamata wa ku Genève, Augustin Pyramus de Candolle. Cholinga cha ntchitoyo chinali chomwe chija: kuika pa pepala zomera zimene sizilola kuumitsidwa.

Nkhani yosonyeza bwino mtengo wa zithunzi zotere ndi ya ulendo wa Martín Sessé ndi José Mariano Mociño. Kuyambira mu 1787 mpaka mu 1803, mfumu ya Spain inawatuma kuti alembe zomera ndi nyama za ku México ndi maiko oyandikana nawo. Anayenda ndi anyamata awiri ojambula a konko, Atanasio Echeverría ndi Vicente de la Cerda, ndipo anabwerako ndi zithunzi pafupifupi 2,000. Atafika ku Spain anapeza nkhondo ya Napoleon ili pafupi. Sessé anamwalira mu 1808 buku lisanasindikizidwe. Mociño, pomuganizira kuti anali kumbali ya Afalansa, anathawira ku Montpellier atanyamula zithunzizo, ndipo kumeneko anazibwereka kwa De Candolle. Mu 1817 anamulola kubwerera kwawo, ndiye anatumiza uthenga woti zithunzi zake zibwezedwe msanga. De Candolle, amene pa nthawiyo anali atabwerera ku Genève, anaona kuti chuma chikumupulumuka m'manja. Anapempha thandizo kwa anthu a mumzindawo. Anthu oposa 100, ambiri mwa iwo amayi, anakhala pansi ndi utoto ndi maburashi, ndipo asanathe masabata awiri anali atakopera zithunzi pafupifupi 1,000.

Zinali ngati akudziwa. Mociño anamwalira ku Barcelona mu 1820, zithunzi zenizenizo n'kusowa kwa zaka zoposa 150. Zinadzapezeka m'nyumba ya banja lina mumzinda womwewo, ndipo mu 1981 zinagulidwa ndi Hunt Institute ya ku Pittsburgh, ku United States. M'zaka zonse zapakatizo akatswiri ankadalira zokopera za amayi a ku Genève. De Candolle anapereka mayina ku mitundu ina ya kakitasi imene sanaionepo ndi maso, pongoyang'ana zithunzizo. Ndiye kuti wokopera akanaphonya mtundu wa duwa kapena kuchuluka kwa minga, cholakwacho chikanalowa m'mabuku a dziko lonse.

Mtsinje wa Zambezi uli ndi nkhani yake yofanana ndi imeneyi, koma yopanda okopera. John Kirk, dokotala komanso katswiri wa zomera amene anayenda ndi David Livingstone kuyambira mu 1858, ankajambula mitengo ndi zipatso za m'chigwa cha Zambezi. Mu Novembro 1860 bwato lake linagubuduka pa mathithi a Cahora Bassa, zolemba ndi zithunzi zake n'kupita ndi madzi. Iye anapulumuka. Zimene anajambulazo sizinaonekenso.

Si zithunzi zonse zakale zimene zinali zonena zoona zokhazokha. Pali mtundu wina wa kakitasi woyanga, Selenicereus grandiflorus, wa ku zilumba za Caribbean ndi ku México, umene duwa lake limakula ngati mbale, limatseguka kukada, limanunkhira usiku wonse, ndipo pofika m'mawa lafota. Anthu olemera a ku Ulaya ankauweta m'nyumba zagalasi zofunditsidwa ndi moto, ndipo usiku wotsegukawo ankaitana alendo. M'buku la Robert John Thornton lotchedwa Temple of Flora, limene linkatuluka pang'onopang'ono pakati pa 1799 ndi 1807, duwali analijambula Philip Reinagle, ndipo wojambula wina, Abraham Pether, anawonjezera mwezi, mtsinje ndi nsanja ya tchalitchi yokhala ndi wotchi yosonyeza kuti 12 koloko ya usiku yangokwana kumene. Chithunzicho n'chokongola, palibe angatsutse. Koma chimaika chomera cha kumalo otentha panja, m'dziko looneka ngati England, kumene chikanafa ndi chisanu choyamba. Asing'anga a ku Tlatelolco, amene ankajambula mwala pansi pa mizu, ankanena zoona kuposa pamenepo. Thornton mwiniwake anamwaza chuma chake chonse pa bukuli ndipo anafa wosauka.

Ntchito yolongosoka inabwera pambuyo pake. Dziko la United States ndi la México atamenyana n'kugwirizana malire atsopano mu 1848, anthu otumidwa kukayeza malirewo ankatolanso zomera m'njira. Kakitasi amene anatola anamufotokoza George Engelmann, dokotala wa ku St. Louis, m'buku la 1859 lokhala ndi zithunzi za Paulus Roetter, zimene munthu angathe kuwerengapo minga umodzi umodzi. Ku Germany, pakati pa 1900 ndi 1921, kunatuluka Blühende Kakteen, kutanthauza kakitasi wochita maluwa, ntchito imene anaiyamba Karl Schumann wa ku Berlin. Inali ndi zithunzi pafupifupi 180, zambiri zojambulidwa ndi mayi Toni Gürke, ndipo utoto unkapakidwa pamanja pa tsamba lililonse la buku lililonse.

Yaikulu pa zonse inali The Cactaceae, mabuku anayi a Nathaniel Lord Britton ndi Joseph Nelson Rose, amene anatuluka kuyambira mu 1919 mpaka mu 1923 ndi ndalama za Carnegie Institution ya ku Washington. Anafotokoza mitundu yoposa 1,200. Rose ndi anzake anayenda m'zipululu za México, m'mapiri a Peru ndi Chile, ku Brasil ndi ku Argentina, akutumiza zomera zamoyo ku New York. Kumeneko kunali Mary Emily Eaton, mayi wa ku England wobadwa mu 1873, amene anagwira ntchito pa New York Botanical Garden kuyambira mu 1911 mpaka mu 1932. Zithunzi zambiri zamitundumitundu za m'mabukuwo n'za iye. Ntchito yake inali yodikira. Chomera china chimakhala zaka osachita maluwa, ndiye tsiku lochita, duwalo limakhala maola ochepa chabe. Wojambula ayenera kukhala pomwepo utoto uli m'manja. Pa chikuto cha mabukuwo pali mayina a amuna awiri aja, koma masamba amene anthu amatsegula kwambiri mpaka lero ndi a Eaton.

Wina angafunse kuti zonsezi zikumukhudza bwanji munthu wolima chimanga ndi kuweta mbuzi. Yankho lili m'zimene zinachitikira maiko awiri m'zaka zoyandikana ndi pamene mabuku a Britton ndi Rose ankatuluka.

Ku Australia, mitundu ya Opuntia inabwera ngati mpanda ndi chokongoletsa pakhomo. Chikhatho chimodzi chikagwa pansi chimamera mizu, ndipo mbalame ndi madzi osefukira zimamwaza njere. Pofika mu 1925 mtundu wotchedwa Opuntia stricta, pamodzi ndi ina yochepa, unali utatseka malo okwana mahekitala pafupifupi 24 miliyoni, kutanthauza kawiri kukula kwa dziko la Malawi, komanso koposa kawiri chigawo chonse cha Tete. Alimi ankasiya minda ndi nyumba. Kudula, kutentha ndi kuthira mankhwala zinkadya ndalama zoposa mtengo wa malowo. Boma linatuma akatswiri ku America kukafuna tizilombo timene timadya zomerazi kwawoko, ndipo pamenepa m'pamene dzina lenileni la chomera linakhala nkhani ya moyo. Tizilomboti timasankha. Pali kachilombo kotchedwa cochonilha m'Chipwitikizi, koyera ngati thonje, kofanana ndi kodikodi wa chinangwa. Mtundu wina wa kachilomboka unatha kupha Opuntia monacantha ku India ndi ku Australia komwe, koma Opuntia stricta sunamukhudze n'komwe. Kwa munthu wongodutsa, zomera ziwirizi n'chimodzi. Kusiyana kwake kuli pa kaonekedwe ka chikhatho, kakhalidwe ka minga, duwa ndi chipatso, zinthu zomwe zija ojambula ankavutika nazo. Chimene chinapulumutsa Australia ndi kagulugufe ka ku Argentina, Cactoblastis cactorum, kamene mbozi zake zimadya chikhatho kuchokera m'kati. Anayamba kukamwaza mu 1926, ndipo pofika mu 1933 minda yambiri inali itatseguka.

Kutsidya kwa nyanja, kum'mwera kwa Madagascar, nkhani inali yotembenuka. Kumeneko kakitasi, amene amamutcha raketa, anafika cha m'ma 1769 kudzera pa doko la Fort-Dauphin, ndipo anthu a mtundu wa Antandroy anamanga moyo wawo pa iye. Anali linga la mudzi, chipatso cha m'nyengo ya njala, komanso chakudya ndi madzi a ng'ombe akawaula minga pamoto. Mu 1924 kachilombo ka cochonilha kanafika ku Toliara, ndipo m'zaka zosapitirira zisanu raketa yense wa mtunduwo anali atauma. Chilala chitabwera cha m'ma 1930, kunalibenso chogwira. Ng'ombe zinafa zambirimbiri, anthu ambiri anafa ndi njala, ena n'kusamukira kumpoto kukagwira ganyu m'minda ya Afalansa. Mpaka lero olemba mbiri akutsutsanabe ngati atsamunda anabweretsa kachilomboko mwadala kapena ayi. Chowawitsa mtima china n'chakuti m'zaka zotsatira kunalowa Opuntia stricta yemwe uja wa ku Australia, amene konko amati raketamena, ndipo tsopano akulanda minda ndi msipu.

Choncho pa banja limodzi lomweli pali mtundu wodyetsa ndi mtundu wolanda. Kumpoto chakum'mawa kwa Brasil, dera louma ngati chigwa cha Zambezi, alimi amabzala mitundu yopanda minga m'mizere, amaitcha palma forrageira, n'kumadyetsa ng'ombe zamkaka m'chilimwe. Chomerachi chimapirira chifukwa chimatsegula timabowo take topumira usiku kukazizira, masana n'kutseka kuti madzi asathawe. Pachokha si chakudya chokwanira: ziweto zikadya chokhachokha zimatsegula m'mimba, ndiye amachiduladula n'kusakaniza ndi udzu wouma, mapesi kapena masangwe a nyemba. Mu 2017 bungwe la FAO ndi la ICARDA anatulutsa buku lolimbikitsa ulimi wake m'madera ouma. Koma mlimi wolandira chikhatho kwa mnansi, kapena wobwera nacho kuchokera kumsika wa kutsidya, ali ndi chifukwa chofunsira kaye kuti n'cha mtundu wanji. Opuntia ficus-indica amakula ngati kamtengo, zikhatho zake n'zazikulu, zipatso zake n'zotsekemera. Opuntia stricta amakhala wamfupi, wotambalala pansi ngati chitsamba, duwa lachikasu chowala, ndipo zipatso zake n'zazing'ono, zofiira moderako kunja ndi m'kati, zowawasa. Ameneyu akalowa padambo sachoka ndi khasu, chifukwa chidutswa chilichonse chotsalira chimaphukanso.

Pali kusokoneza kwina kumene kuli koopsa mwamsanga. Mitengo yobiriwira yopanda masamba, ya nthambi zoloza kumwamba, imene imamera m'mapiri ndi pazulu, ambiri amaitcha cacto. Si kakitasi. Ndi abale a nkhadze, a banja la Euphorbia, ndipo kwawo ndi kuno ku Africa. Akatemedwa amatulutsa utomoni woyera ngati mkaka, umene umawotcha khungu ndipo ukalowa m'diso ungathe kulipha. Mitundu ya Opuntia ilibe mkaka wotere. Minga ya kakitasi imatuluka pa timapilo tating'ono taubweya, nthawi zambiri ingapo pamodzi, pomwe ya mitengo inayi imakhala iwiriiwiri ngati nyanga. Ndipo duwa limathetsa mkangano: la kakitasi ndi lalikulu, la timasamba tambiri tosanjikizana, pomwe la abale a nkhadze ndi kakang'ono, kosaoneka bwino. Pa banja lonse la kakitasi, mtundu umodzi wokha ndi umene unapezeka ukumera wokha kunja kwa America. Dzina lake ndi Rhipsalis baccifera, umalendewera pa nthambi za mitengo m'nkhalango zachinyontho za Africa, Madagascar ndi Sri Lanka ngati zingwe zobiriwira, uli ndi tizipatso toyera, ndipo akatswiri ambiri amaganiza kuti njere zake zinawoloka nyanja m'mimba mwa mbalame.

Masiku ano aliyense ali ndi kamera pa foni, komabe mabuku a akatswiri sanasiye zojambula pamanja. Flora Zambesiaca, mndandanda wa mabuku ofotokoza zomera za Moçambique, Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Botswana umene unayamba kutuluka mu 1960, uli ndi zithunzi za inki. Chifukwa chake n'chakuti wojambula amaika pa tsamba limodzi zinthu zimene m'munda sizionekera pamodzi: duwa la mwezi uno, chipatso cha miyezi itatu kutsogolo, duwa lomwelo atalidula pakati, njere yokulitsidwa, ndi kamzere kosonyeza kukula kwake. Amachotsa udzu, mithunzi ndi fumbi. Mlimi wofuna kutumiza chithunzi kwa mlangizi angatengerepo nzeru yomweyo. Chithunzi cha chitsamba chonse chojambulidwa patali sichithandiza kwenikweni. Chothandiza ndi cha duwa pafupi, cha minga pafupi, cha chipatso chodula pakati, pambali pake pali bokosi la machesi losonyeza kukula.

Kudikira kuja sikunathe ndi Mary Eaton. Margaret Mee, mayi wa ku England amene anakhazikika ku Brasil mu 1952, anayenda maulendo 15 m'nkhalango ya Amazon akujambula zomera. Panali kakitasi wina, Strophocactus wittii, amene amamatirira pa thunthu la mitengo ya m'nkhalango zomira m'madzi, ndipo duwa lake limatseguka usiku umodzi wokha. Anachipezapo chomeracho kangapo, koma nthawi zonse chopanda duwa. Mu Maio 1988, atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 79, anachipeza chili ndi mphukira pa mtsinje wa Rio Negro. Anakhala m'bwato usiku wonse akujambula, wina akumuunikira ndi tochi, kuyambira pamene duwalo linayamba kutseguka mpaka pamene linatseka m'bandakucha. Mu Novembro chaka chomwecho anamwalira pa ngozi ya galimoto ku England.